Masabata Awiri a Agogo aBanaba

Dzana apadiri anapatukira kwathu kudzafunsa tsiku limene agogo aBanaba anamwalira, kuti awatchule m'mapemphero poti chaka chakwana. Amayi, aAginesi, anayang'ana pansi. Mng'ono wawo, mayi aang'ono aLusiya, amene ankasenda chinangwa pakhonde, anaimitsa mpeni. Tsikulo sitilidziwa. Chimene timadziwa n'chakuti agogo anamwalira mkati mwa masabata awiri ena, mwezi ukuwala, pamene aliyense mwa ana awo awiriwa ankaganiza kuti bambo ake ali kwa mnzake.

Apadiri anadikira pang'ono, kenaka anati, "Chabwino. Tiwatchula Lamulungu lino, tidzawatchulanso linalo."

Ine ndinalowa m'nyumba mwakachetechete. Sindine wolankhula. Ngakhale kusukulu aphunzitsi amachita kundiuza kuti ndikweze mawu. Koma ndili ndi kaderno, kabuku kamene ndimalembamo za tsiku ndi tsiku, ndipo ndaganiza kuti masamba a masabata awiri ano akhale a agogo. Ndilemba zimene ndinaona, ndipo pamene sindinaone ndinena amene anandiuza.

Kuno ku Msumba ukafunsa za aBanaba, anthu ayamba kukuuza za simbi. Inali simbi ya makala, yakuda, yolemera, yokhala ndi katambala kachitsulo pamwamba kotsekera chivindikiro. Agogo ankaikulunga m'thumba la ufa lakale n'kuikoleka kundodo, ndodoyo paphewa. Anali munthu wamtali, woonda, woyenda wopanda nsapato. Malaya awo oyera anali ndi zigamba zambiri kuposa nsalu yake yeniyeni, koma khwinya ngakhale limodzi sunkalipeza. Akatulukira kuseri kwa tchalitchi ana ankakuwa kuti sitima yafika, chifukwa sankaphonya tsiku lawo. Masabata awiri ankakhala kwathu, masabata awiri kwa mayi aang'ono ku Meluluka, ndipo kumene kunali agogo n'kumene kunali simbi.

Pa unyamata wawo anali wochapa ndi kusita. Anayambira pa sitima ya amishoni imene inkayenda m'nyanja muno, kenaka anakagwira kwa Apwitikizi ku Mtengula, kumene wantchito wotere ankamutcha mainato. Konseko ntchito inkawerengedwa pa masabata awiri awiri, ndiye nthawi imeneyi ankaidziwa mayina ake onse ngati mmene msodzi amadziwira mayina a mphepo. Ankati azungu a pa sitima ankaitcha fotinaiti, ndipo iwo ankawerenga mausiku, khumi ndi anayi, ngati kuti masana alibe ntchito. Anthu a kumpoto, kumene sitima inkakocheza kutenga nkhuni, ankati wiki mbili. Amuna a mayi aang'ono, aMusa, amati majuma gawili m'Chiyao chawo. Akuluakulu a kuno amati milungu iwiri. Agogo akamasita ankawatchula onsewa motsatizana, simbi ikupita ndi kubwera, ngati akuitana ana obalalika. Koma limene ankalikonda kwambiri linali la Apwitikizi, kinzena, masiku khumi ndi asanu.

Tsiku lina ndikuwakupizira makala ndinalimba mtima n'kufunsa.

"Agogo, sabata ili ndi masiku asanu ndi awiri. Nanga masabata awiri akhala bwanji khumi ndi asanu?"

Anaimika simbi n'kundiyang'ana. Ankanditcha akazi awo, monga amachitira agogo ndi adzukulu awo, ndipo nthawi zonse ndinkachita manyazi.

"Hee, akazi anga ayamba kuwerenga! Tamverani. Mpwitikizi anatilanda zambiri, koma apa pokha anaika basela. Khumi ndi anayi ndi a ana anga. Lotsalalo ndi langa, la m'njira. Tsiku limenelo sindine wa Aginesi, sindine wa Lusiya. Palibe wondiuza kuti idyani, palibe wondiuza kuti khalani pamthunzi."

Kalendala analibe. Ankati kinzena imayenda limodzi ndi mwezi. Ankafika kwathu mdima ukamayamba, pamene abambo ndi anzawo amapha usipa ndi nyali, ndipo ankachoka mwezi ukayamba kukula, asodzi akamayanika makoka kuti asoke.

Mmene ulendowu unayambira ndinali wamng'ono, choncho izi ndinamva kwa abambo. Agogo aakazi anamwalira nyengo yotentha kwambiri. Amayi anatumiza uthenga ku Meluluka, koma wonyamula uthengayo anachedwa m'njira, ndipo maliro sakanatha kudikira. Mayi aang'ono atafika anapeza manda atafotseredwa kale. Sanalire pamaso pa anthu. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi simbi, nati amayi awo anawalonjeza. Amayi anaigwira mbali ina, nati nawonso analonjezedwa, komanso ndi iwo amene anasamala wodwala pamene ena anasiya tchalitchi n'kukakwatiwa kutali. Mayi aang'ono anayankha kuti munthu amene amaika mayi ake osadikira mng'ono wake asamatchule za tchalitchi. Anakokana pamaso pa anthu a pamaliro mpaka katambala kaja kanapindika khosi. Abambo amati mwina agogo aakazi analonjezadi onse awiri pa nthawi zosiyana, poti anali munthu wosatha kukana.

Agogo anaimirira n'kulanda simbiyo. Anati anaigula ndi iwo, kugulira mkazi wawo, ndipo kuyambira tsikulo idzakhala pamene iwo ali, ndipo iwo adzakhala kwa onse awiri. Anthu anati ndi mkwiyo wa pamaliro, utha mvula ikagwa. Mvula inagwa zaka zingapo. Amayi ndi mayi aang'ono sanalankhulanenso, ndipo agogo sanasiye kuyenda.

Sindifuna kulemba ngati anali munthu wofewa, chifukwa sanali. Ankakangana ndi abambo chifukwa cha makala. Ankafuna makala olimba a mtengo wa mwanga, ndipo abambo akabwera ndi nkhuni zina ankati mkamwini wabweretsa udzu. Amayi anazolowera kusankha makala abwino m'moto akamaliza kuphika, kuwazimitsa ndi madzi, n'kuwasunga m'chitini pakhonde, pafupi ndi thabwa la bwato lakale limene agogo ankaimikapo simbi. Ankasita chilichonse, ngakhale nsanza zopukutira m'manja. Chifukwa chimodzi chinali mphutsi zija zimene ntchentche imaikira pa zovala zoyanika, n'kulowa m'khungu la ana ngati zithupsa. Ankati moto wa simbi ndiwo mankhwala ake. Chifukwa china ankachinena mwa apo ndi apo: kuti chovala chong'ambika si mlandu wa mwini wake, koma chamakwinya chimaonetsa kuti mwini wake wadzitaya. Mayi aang'ono amandiuza kuti ku Meluluka ankasita mkanjo wa aMusa wa Lachisanu mosamala ngati mmene kuno ankasitira nsalu za paguwa, uku akukangana nawo ngati masabata awiri ayenera kuyambira Lachisanu kapena Lamulungu. Mkanganowo sunathe, ndipo akuti onse awiri ankaukonda.

Koma kuuma mtima kwawo kwenikweni kunali pa mawu. Agogo ankanyamula simbi, koma sankanyamula uthenga. Ngakhale moni. Amayi ankayesa kufunsa mozungulira, akuyang'ana kumbali ngati sizikuwakhudza.

"Atate, kumwerako mvula yagwa?"

"Pita ukaone."

"Ndangofunsa za mvula."

"Mvula ya kumeneko ili ndi mwini wake. Dzina lake ukulidziwa."

Nthawi ina anafika akumwetulira okha, ndipo patapita miyezi tinamva kwa ogulitsa mchere kuti mayi aang'ono anali atabereka mwana wamkazi. Amayi anakwiya nawo kwa masiku. Agogo anati iwo si positi. Ndikuganiza kuti ankayembekeza kuti njala ya nkhani idzakula mpaka mmodzi adzanyamuka yekha kupita kwa mnzake. Anandiuzapo kamodzi kuti mwana ukamamutafunira sameretsa mano. Sindinamvetse nthawi imeneyo kuti akunena za amayi.

Pali chinthu china chimene ndiyenera kulemba, chifukwa popanda icho zotsatirazi sizingamveke. Chaka china agogo anadwala malungo ali kwathu, tsiku lawo lonyamuka n'kupitirira. Amayi anawaletsa kuyenda mpaka atachira, koma sanatumize mawu. Atafika ku Meluluka, mayi aang'ono sanakhulupirire za malungowo. Anati achemwali awo akuwabera masiku, ndipo nthawi yobwerera itakwana anabisa ndodo ndi thumba mpaka masiku obedwawo atabwezedwa. Kuyambira pamenepo, agogo akachedwa pang'ono, aliyense ankadziwa kale chifukwa chake: winayo wawamanga.

Nkhondo itafika m'dera lathu, zinthu zinasintha pang'onopang'ono, kenaka mofulumira. Kale agogo ankapeza galimoto kapena boti, n'kufika tsiku lomwelo. Kenaka magalimoto anasiya kuyenda, maboti anasowa mafuta, ndipo ulendo unakhala wa pansi, wa masiku awiri, kugona ku Mtengula kwa mnzawo wakale amene anali wophika pamene iwo anali mainato. Ankadandaula moseka kuti basela la Mpwitikizi lachepa. Ku Mtengula ankayenera kutenga kapepala kololeza ulendo, kotchedwa giya, ndipo mlembi wake, mnyamata wochokera kutali wosadziwa Chinyanja, ankangoti akawaona pakhomo n'kuyamba kulemba asanafunse. Agogo ankamuyerekeza mawu ake: "Kinze diya, madala?" Ndipo iwo ankayankha m'Chipwitikizi chawo cha kukhitchini kuti inde, kinze diya, masiku khumi ndi asanu, mpaka Mulungu atasintha.

Anthu anayamba kugona m'mabango. Mabanja ena anawolokera ku Likoma. Kusukulu tinatsala ochepa, ndipo masiku ena aphunzitsi ankangotibweza. Koma mdima ukayamba, ana otsalawo ankakuwabe kuti sitima yafika.

M'mawa umene agogo anachoka komaliza ndimaukumbukira bwino. Kunali mwera, nyanja ili yoyera ndi mafunde. Anayatsa makala kusanatenthe n'kuitanitsa diresi langa la kusukulu. Anatapa madzi m'kamwa, n'kuwapemerera pa nsalu monga ankachitira, kenaka ananyowetsa chala n'kukhudza pansi pa simbi kuti amve kulira kwake. Amayi anaima pakhomo atapinda manja.

"Atate, akuti kupitirira Mtengula kunamveka mfuti dzana. Khalani mpaka mwezi wina."

"Ndikakhala, Lusiya adzati wandimanga."

"Anene zimene anene."

"Ukamuuze wekha zimenezo."

Abambo, amene kawirikawiri sankalowerera, anati, "Apongozi, ndiye siyani simbiyo muyende wopepuka. Akakuonani ndi chitsulo m'thumba adzayesa ndi china."

"Akandiimitsa ndiwasitira malaya," anatero agogo osadzutsa mutu. "Onse amene ndakumana nawo m'nkhondo ino, a uku ndi a uko, ndi amakwinya okhaokha."

Abambo anaseka, amayi sanaseke. Agogo anapinda diresi lija n'kundipatsa ndi manja awiri ngati ndine munthu wamkulu.

"Akazi anga, musalikhalire pamchenga. Likwane kinzena."

Anakhuthula makala, anadikira simbi izizire, anaikulunga. Ndinawaperekeza mpaka pa mtengo wa mango wa kumapeto kwa mudzi. Sitinalankhule, ndipo iwo anali munthu mmodzi yekha amene sankandifunsa chifukwa chimene ndakhalira chete. Pamenepo anandibweza ndi dzanja.

Mwezi unakula, unawala, unayamba kuchepa. Ife tinkakhala ngati masiku onse. Amayi ankasankha makala n'kuika m'chitini. Mdima utayamba ndinachapa diresi lija kuti agogo adzalipeze louma. Sanabwere. Tsiku lotsatira sanabwerenso. Abambo anati mwina tifufuze, koma amayi anati palibe chofufuza, ndi Lusiya ameneyo, wayambanso khalidwe lake lobisa ndodo. Anawonjeza kuti mwina n'kwabwino, akhale komweko kusiyana n'kuyenda m'njira yoopsa. Ananena mokwiya, koma ndinaona kuti mawuwo anawatonthoza.

Patapita masiku angapo, dzuwa lili pamutu, mayi wina anakwera kuchokera kunyanja, nsalu yake itanyowa mpaka m'mawondo. Anali atabwera pa bwato la asodzi chifukwa njira ya kumtunda anthu anali ataisiya. Sanaodire. Anaima pakati pa bwalo, ndipo ndinawazindikira chifukwa nkhope yawo inali ya amayi. Amayi anali pakhonde akupeta ufa wa chinangwa.

"Achemwali, mwawamanga mokwanira. Ndabwera kudzatenga atate."

Awa anali mawu oyamba pakati pawo kuchokera pa maliro a agogo aakazi.

"Ukuti chiyani iwe? Wawasunga wekha masiku onsewa, lero ukudzandinyoza pakhomo panga?"

"Musandiseweretse. Mwezi wawala mpaka wabwerera mumdima ine ndikuyang'ana kunjira. Nthawi yanga yonse mwadya, ndiye mukufuna mudyenso ina? Atate! Atate, tulukani tizipita!"

Analowa m'nyumba osapempha. Tinamva akukankha chitseko cha kuchipinda, akuitanabe. Kenaka anasiya kuitana. Anatuluka pang'onopang'ono, ndipo maso awo anagwera pa thabwa lija la pakhonde. Panalibe kanthu.

"Simbi ili kuti?"

"Anapita nayo."

"Liti?"

"Tsiku lawo."

Lichero linatsetsereka pa miyendo ya amayi, ufa n'kumwazika pansi. Nkhuku zinathamangira. Palibe amene anaziingitsa.

Ananyamuka tsiku lomwelo, amayi, mayi aang'ono ndi abambo. Ine ndinatsala ndi ana kwa anansi, choncho zotsatirazi ndinamva kwa abambo, zina kwa mayi aang'ono patapita miyezi. Ku Mtengula mnzawo wophika uja anadabwa kuwaona. Anati aBanaba anagona kwawo monga mwa nthawi zonse, anamusitira malaya, n'kulawira m'mawa kulowera kumwera. Atatuwo anapitirira akufunsa aliyense. Ena anati tsiku limenelo kutsogolo kunkaoneka utsi wa nyumba zopsa, ndipo onse amene anali pamsewu anapatukira kunjira ya m'miyala, ya m'mphepete mwa madzi. Anatsata njira imeneyo. Abambo amati akazi awiriwo ankayenda wina kutsogolo wina kumbuyo, osalankhulana, koma pokwera mwala wina ankatambasula dzanja ndipo winayo ankaligwira.

Pa tsiku lachiwiri, pafupi ndi kamtsinje kolowa m'nyanja, anaona kamwana kakamuna kakusewera pamwala. Kanavala malaya akuluakulu, ong'ambika paphewa, otuwa ndi ukalamba. Amayi anaima. Pa dzanja la malayawo panali mzere wowongoka, wosita.

"Mwana uyu wamusitira ndani?"

Kamwanako kanathawa, iwo n'kukatsatira mpaka pa msasa wa udzu wobisika pakati pa miyala. Munali mayi wina wothawa nkhondo kuchokera kumapiri, yekha ndi ana awiri. Ankalankhula Chiyao chokha, ndiye mayi aang'ono ndi amene ankamva n'kumasulira. Abambo amati penapake anasiya kumasulira, ndipo amayi anachita kuwagwedeza phewa kuti apitirize.

Mayiyo anati anawapeza agogo pokatunga madzi, atagwa pakati pa miyala, atathyoka m'chiuno, thumba lili m'manja. Anawakokera kumsasa pang'onopang'ono. Analibe mankhwala, analibe ngakhale mchere. Kupita kukaitana anthu sakanatha, poti dera sankalidziwa, kumsewu kunkamvekabe mfuti, ndipo ana sakanawasiya. Kamodzi anaona bwato likudutsa patali, anakuwa n'kukupiza nsalu, koma masiku amenewo palibe amene ankakocheza poitanidwa ndi munthu wosamudziwa. Agogo anamuuza kuti asavutike. Anati ali ndi mwana ku Meluluka amene akuwadikira, ndipo akaona kuti sanafike atuma munthu. M'mawa uliwonse ankafunsa ngati kwabwera munthu.

Anakhala moyo masiku ambiri ndithu. Mayiyo sanawerenge. Anati ana ake anali ndi zithupsa za mphutsi thupi lonse, ndipo agogo ataona anamuuza kuti amasule thumba. Ali chigonere anamuphunzitsa kusankha makala, kukupiza, kuyesa kutentha ndi chala. Ankamudzudzula akalakwitsa mzere. Zithupsa zinauma. Kenaka thupi la agogo linayamba kutentha, ndipo anasiya kufunsa za wa ku Meluluka. Anayamba kunena kuti ali ndi mwana winanso, wamkulu, ku Msumba, ndipo majuma gawili akakwana ameneyo ndiye adzabwera. Anamwalira mwezi usanayambe kuchepa kwenikweni. Asodzi awiri amene anakocheza kudzatunga madzi anamuthandiza kukumba. Sanadziwe mapemphero a agogo, ndiye aliyense ananena ake, n'kuunjika miyala pamwamba.

Mayiyo anawalozera mandawo. Abambo amati sanamvepo kulira kotero, ndipo sakanatha kusiyanitsa mawu a wamkulu ndi a wamng'ono. Pa maliro a mayi awo mmodzi anasowa. Pa maliro a bambo awo anasowa onse.

Pochoka, mayi uja analowa mumsasa n'kutulutsa simbi. Anali ataipukuta bwino, katambala kake kali chipindikire. Anaiika pansi pakati pa awiriwo. Inakhala pamenepo nthawi yaitali.

"Tenga, Lusiya," anatero amayi. "Inali nthawi yako."

"Nthawi yanga inatha, achemwali. Ino ndi yanu."

Palibe amene anawerama. Pomaliza mayi aang'ono analankhula ndi mayiyo m'Chiyao, ndipo amayi, ngakhale sanamve mawuwo, anagwedeza mutu kuvomereza. Simbi inatsala kumsasa. Anamupempha mayiyo kuti abwere nawo kuno, koma anati akudikira amuna ake amene anasiyana nawo pothawa, ndipo akachoka pamenepo sadzamupeza. Abambo anabwererako kawiri ndi ufa ndi usipa. Ulendo wachitatu anapeza msasa uli wokha. Sitidziwa kumene mayiyo anapita, koma simbi anapita nayo.

Mvula isanagwe ku Meluluka kunaipa, ndipo mayi aang'ono anabwera kuno ndi ana awo. AMusa anawoloka nyanja kukafuna malo, ndipo tikudikira mawu awo. Tsopano amayi ndi mng'ono wawo amagona nyumba imodzi, amasenda chinangwa pa mphasa imodzi. Amalankhulana za mchere, za chifuwa cha mwana, za amene wabwereka mtondo. Nthawi zina amasekanso. Za agogo salankhula. Wina akatuluka, ngakhale kungopita kudambo, amanena kumene akupita ndi nthawi imene abwere, ndipo akachedwa pang'ono winayo amaima kale panjira.

Sabata yatha aphunzitsi analemba pabolodi mayina a nthawi m'Chipwitikizi, tsiku, sabata, mwezi, ndipo atafika pa kinzena anafunsa amene akudziwa tanthauzo lake. Ndinkadziwa, ndiponso ndinkadziwa mayina ake ena anayi. Sindinakweze dzanja. 

Diresi langa la kusukulu tsopano ndimalipinda n'kuliika pansi pa mphasa kuti ndiligonere. M'mawa limakhala lophwatalala, koma mzere sulioneka.

Thabwa lija likadali pakhonde, kumanzere kwa chitseko. Pakati pake pali chipsera chakuda chooneka ngati simbi, chosongoka kutsogolo, chozama pang'ono chifukwa cha zaka zonse zimene inkaimikidwa pamalo amodzimodzi. Ana a mayi aang'ono amakhala paliponse, pamtondo, pamakoka a abambo, koma pamenepo sakhalapo, ngakhale palibe amene anawaletsa. Amayi akamasesa amalizungulira. Pambali pake pali chitini cha makala. Amayi sanasiye kusankha olimba akamaliza kuphika, ndipo masiku ano ndimaona mayi aang'ono nawonso akuzimitsa awo n'kuponyamo. Chitinicho chinadzaza kalekale. Makala ena agwera pansi, ndipo palibe amene amawatola kukakolezera moto.